Nsima ya Mawere Yalowa M'hotela: Kodi Mlimi wa ku Kadoma Apindula Nayo?

Zakudya zomwe kale zinkanyozeka kuti ndi za anthu osauka tsopano zikugulitsidwa pamtengo wokwera m'malo ogona alendo a ku Zimbabwe. M'dera la Kadoma ndi Chegutu, komwe kuli zidzukulu zambiri za Amalawi omwe adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, nkhani yagona pakuti ndalama ya mlendo ikuthera m'thumba la yani.

Munthu akanyamuka mumzinda wa Harare kulowera ku Bulawayo amadutsa tawuni ya Norton, kenaka nyumba zimayamba kuchepa ndipo maso amangoona minda, msipu wa ng'ombe ndi mitengo ya mombo. Akayenda makilomita pafupifupi 80 amafika pa Selous, patsogolo pake pali Chegutu, ndipo pa makilomita pafupifupi 140 amalowa mumzinda wa Kadoma. Ambiri oyenda pamsewuwu amangoima kuthira mafuta ndi kugula chimanga chootcha, n'kupitiriza ulendo. Dera lino lilibe mathithi ngati a Victoria Falls, ndipo lilibenso mabwinja a miyala ngati a Great Zimbabwe. Mbiri yake ndi ya golide ndi thonje.

Komabe amene wapatuka pamsewu waukulu pafupi ndi Selous amapeza dziko lina. Kumeneko kuli malo ogona alendo monga Pamuzinda Safari Lodge, m'mbali mwa mtsinje wa Serui, komanso Chengeta Safari Lodge, omwe kwa zaka zambiri akhala akulandira anthu ofuna kupuma kutali ndi phokoso la mumzinda. Dzina lakuti Pamuzinda m'Chishona limanena za pabwalo la mfumu, ndipo khutu la Mchewa silivutika kumvamo mawu akuti mzinda. Ku Kadoma nako kuli Kadoma Hotel and Conference Centre ya kampani ya Rainbow Tourism Group, yomwe kale inkadziwika kuti Kadoma Ranch Motel. Chifukwa chakuti ili pamsewu wolumikiza mizinda iwiri ikuluikulu ya dzikolo, nthambi za boma, mabungwe a anthu apantchito ndi mabungwe omwe si aboma akhala akuchititsirako misonkhano yawo.

Tsiku la mlendo

Moyo wa pamalo oterewa umayenda mwapang'onopang'ono. Mlendo amagona m'nyumba yofolera ndi udzu koma ya magetsi ndi madzi otentha, ndipo m'bandakucha amadzutsidwa ndi kulira kwa nkhanga ndi njiwa. Dzuwa lisanatenthe amakwera galimoto yopanda denga kukaona mbidzi, nswala, nyumbu ndi akadyansonga mumpanda wa nyama zakutchire. Masana amakhala pamthunzi kapena padziwe losambiramo, ndipo madzulo anthu amasonkhana pamoto kudikira chakudya. Mitengo ya zonsezi imatchulidwa m'madola a ku America, ndipo usiku umodzi wa banja laling'ono ungathe kuposa malipiro a mwezi wathunthu a munthu wogwira ntchito pafamu yoyandikana nayo.

Kwa nthawi yaitali chakudya cha m'mahotela apamwamba a ku Zimbabwe chinali cha Chingelezi: supu, nyama yootcha, mbatatesi ndi zotsekemera zomalizira. Nsima inkaphikidwa kuseri, kukhitchini ya antchito. Zinthu zasintha. Mahotela ambiri tsopano amaika mphika wa nsima ndi ndiwo zakumudzi pathebulo lomwe mlendo amadzigawira yekha, ndipo malo odyera monga Gava's ku Harare adatchuka ndi zakudya zamakolo zomwezi. Ku Victoria Falls, malo odyera otchedwa The Boma amafika popereka setifiketi kwa mlendo yemwe walimba mtima n'kudya mphalabungu. Chachititsa kusinthaku si alendo akunja okha. Anthu a m'tawuni omwe ali ndi ndalama, ena atalangizidwa ndi madokotala chifukwa cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ayamba kufuna zakudya zomwe agogo awo ankadya, ndipo nawonso a ku Zimbabwe okhala ku South Africa ndi ku Britain akabwera kutchuthi amafuna kulawa zakwawo.

Mbale yomwe Mchewa sangaisowe dzina

Mmalawi kapena munthu wa ku Chipata ndi ku Tete akaona mbale ya chakudya cha Ashona amazindikira pafupifupi chilichonse, ngakhale mayina ndi osiyana. Sadza ndi nsima. Ikaphikidwa ndi ufa wa mawere amati sadza rezviyo, ndipo imaoneka yofiirira moderako. Ya mapira ndi ya mapfunde, pomwe ya mchewere ndi ya mhunga. Nkhwani amati muboora, luni amati nyevhe, bonongwe ndi mowa, chitambe ndi munyemba, ndipo therere limangosintha pang'ono n'kukhala derere. Masamba ofutsa n'kuyanika padzuwa, omwe ku Malawi ndi mfutso, kumeneko ndi mufushwa. Mang'ina amati mazondo, pomwe nkhuku yakumudzi adaipatsa dzina lanthabwala lonena za liwiro lake pothawa woigwira.

Kusiyana kwenikweni kuli pa katenderedwe ka ndiwo. Mayi wa ku Kasungu amatendera ndi nsinjiro, koma mnzake wa ku Mhondoro amathira chiponde, chomwe amachitcha dovi. Chiponde chomwechi amathiranso mumpunga, m'nyama yofutsa, ndi m'maungu ophika n'kupota omwe amawatcha nhopi, chakudya chomwe chimakumbutsa futali. Palinso mutakura, womwe ndi chimanga, nzama, mtedza ndi khobwe zophikira pamodzi. Chakumwa chake ndi maheu, mbale wake wa thobwa. Madora, mphalabungu zikuluzikulu zodya masamba a mtengo wa tsanya, amaziyanika ndipo zimasungika miyezi yambiri. Kapenta, yemwe amafanana ndi usipa, amachokera kunyanja ya Kariba komwe adamubweretsa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Zipatso zake ndi zodziwikanso: masuku ndi mazhanje, malambe ndi mauyu, ndipo masau ndi masau basi.

Kufanana kumeneku sikudangochitika mwangozi. Mitundu ya anthu a kumpoto ndi kummwera kwa mtsinje wa Zambezi yakhala ikuyenderana ndi kusinthana mbewu kwa zaka mazanamazana, ndipo m'zaka za m'ma 1900 migodi ndi mafamu zidasonkhanitsa anthuwa m'makomboni amodzi.

Momwe chimanga chidalandira ufumu

Mapira, mawere ndi mchewere ndiye mbewu zenizeni za mu Africa. Chimanga chidachokera ku America ndipo chidafika kuno kudzera mwa amalonda a Chipwitikizi, koma chidatenga nthawi kuti chilande malo a mbewu zinazo. Ku Southern Rhodesia migodi ndiyo idachikweza. Eni migodi ankafuna chakudya chotsika mtengo chodyetsera zikwi za antchito, choncho phoso la m'komboni linali ufa wa chimanga, mchere, nyemba pang'ono ndi kanyama ka apo ndi apo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, adafotokoza momwe kuperewera kwa zakudya kunkadwalitsira ndi kupha antchito a m'migodi ya dzikolo pakati pa 1900 ndi 1933. Lamulo loyendetsera malonda a chimanga la mu 1931 lidakonzedwa mokomera alimi achizungu, ndipo mu 1960 akatswiri a zaulimi a dzikolo adatulutsa mbewu ya haibulidi ya SR52 yomwe idachulukitsa zokolola. Kafukufuku, ngongole, misika ndi zigayo zonse zidatsata chimanga. Nsima yoyera idakhala chizindikiro cha munthu wotsogola, ndipo yofiira idasanduka ya anthu otsalira.

Kadoma, yomwe mpaka 1982 inkatchedwa Gatooma, ndi Chegutu, yomwe inkatchedwa Hartley, zidakulira pa chuma chimenechi. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats udali umodzi mwa migodi ya golide ikuluikulu m'dzikolo usanatsekedwe mu 1968, ndipo kampani ya RioZim idautsegulanso mu 2015. Padalinso migodi ya Dalny ku Chakari, Patchway ndi Golden Valley. Malo ochitira kafukufuku wa thonje adakhazikitsidwa ku Gatooma mu 1925, ndipo pambuyo pake kampani ya David Whitehead idamanga mafakitale a nsalu m'matawuni onse awiri, dzina lomwe anthu a ku Blantyre akulidziwa bwino.

Ophika ochokera ku Nyasaland

Manja ambiri omwe adakumba golide ndi kutola thonje m'derali adali ochokera ku Nyasaland, kummawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena adayenda wapansi kudutsa ku Tete, ena adakwera magalimoto a ulere, ndipo ena adalembedwa ndi bungwe lomwe anthu ankalitcha Mthandizi. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, ulendowu udali wachizolowezi kwa mnyamata wofuna ndalama ya msonkho ndi yomangira banja. Ambiri sadabwerere kwawo, ndipo kumudzi adawatcha matchona. Eni dziko adawapatsa dzina lachipongwe lakuti mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Amuna a ku Nyasaland adatchukanso pantchito yophika ndi kuperekera zakudya m'nyumba za azungu, m'makalabu ndi m'mahotela. Adaphunzira kuphika buledi, makeke ndi nyama yachizungu, koma chakudya chakwawo ankachidyera kuseri. Zidzukulu zawo zilipobe ku Rimuka mumzinda wa Kadoma, ku Pfupajena m'tawuni ya Chegutu, ku Chakari ndi m'makomboni a mafamu akale. Kumeneko Chichewa chimamvekabe, mizikiti ya Ayao ilipo, ndipo gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, amatuluka pamaliro ndi pazikondwerero.

Anthu amenewa adakumana ndi zowawa pomwe boma lidayamba kulanda ndi kugawa mafamu mu 2000. Mafamu akuluakulu ankalemba antchito pafupifupi 300,000, ena mwa iwo a makolo ochokera kunja, ndipo ochepa kwambiri ndiwo adapatsidwako malo. Boma la Chegutu lidamveka m'maiko onse a SADC chifukwa cha mlandu wa Mike Campbell wa famu ya Mount Carmel, womwe bwalo la milandu la SADC lidagamula mu 2008. Lamulo la unzika lomwe lidasinthidwa mu 2001 lidachititsa kuti ambiri obadwira ku Zimbabwe aziwerengedwa ngati alendo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo omwe makolo awo adachokera m'maiko a SADC, ndipo adaika Chichewa pamndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngakhale zili choncho, lipoti la Amnesty International la mu 2021 lidapeza kuti ambiri adali akadalibe zitupa ndi makalata a kubadwa. Munthu wopanda chitupa sangatsegule akaunti kubanki kapena kulembedwa ntchito yokhazikika pahotela, ndipo amene alibe munda alibe choti agulitse kukhitchini.

Chilala chakumbutsa anthu mbewu zakale

Bungwe la United Nations lidasankha 2023 kukhala chaka chokumbukira mapira, mawere ndi mbewu zina za mtundu umenewu. Chaka chotsatira chidaonetsa chifukwa chake. Ng'amba yodza ndi mphepo ya El Niño idaumitsa minda m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa. Dziko la Zambia lidalengeza za ngozi ya chilala mu February 2024, Malawi adatero mu March m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalengeza zomwezo pa 3 April. Zokolola za chimanga ku Zimbabwe zidatsika ndi kuposa theka.

Mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba kuposa chimanga, ndipo mawere amatha kukhala m'nkhokwe zaka zingapo osafumbwa. Mbewuzi zili ndi michere yofunika m'thupi, makamaka mawere omwe amathandiza kulimbitsa mafupa. Akatswiri a bungwe la ICRISAT ku Matopos, pafupi ndi Bulawayo, akhala akupanga mitundu yocha msanga kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mapira a Macia ku Zimbabwe ndi a Pilira ku Malawi ndi zipatso za kafukufuku wamtunduwu. Kudzera m'ndondomeko ya Pfumvudza, yomwe idafalikira m'dziko lonse mu 2020, boma la Zimbabwe lakhala likulimbikitsa alimi a m'madera ouma kubzala mbewu zimenezi.

Komatu walira mvula walira matope. Mlimi wa ku Sanyati kapena ku Mhondoro akabzala mapira amadziwa kuti ana ake adzakhalira kuingitsa mbalame zomwe zimagwa m'munda mwaunyinji. Kupuntha, kupeta ndi kusinja ndi ntchito yowawa yomwe imagwera amayi, ndipo mawere opunthira pansi amalowa mchenga womwe umakukutika m'kamwa. Akatha zonsezi amafunika wogula. Apa ndi pomwe mahotela angathandize, chifukwa mbewu ikakhala ndi msika wodalirika mlimi safunika kuchita kumukakamiza kuti aibzale.

Boma la Zimbabwe lidaona mwayi umenewu. Mayi Auxillia Mnangagwa, mkazi wa mtsogoleri wa dzikolo, adayambitsa mpikisano wophika zakudya zamakolo womwe umachitika m'zigawo zonse, ndipo mu July 2024 mzinda wa Victoria Falls udachititsa msonkhano woyamba wa bungwe la UN Tourism wokambirana za kukopa alendo ndi zakudya mu Africa. Wachiwiri udachitikira ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2025. Dziko la Zimbabwe lidalandira alendo oposa 1.6 miliyoni mu 2023, ndipo ntchito zokopa alendo zidabweretsa ndalama zoposa madola 1 biliyoni a ku America.

Ndalama ya mlendo imathera kuti?

Kuika nkhwani pamndandanda wa zakudya sikutanthauza kuti mayi wa m'mudzi woyandikana ndi hotela wagulitsa nkhwani wake. Woyang'anira khitchini amafuna katundu wokwanira, wofanana ndi wofika pa tsiku lomwe adagwirizana, kaya ndi dzinja kaya ndi chilimwe. Amafunanso malisiti ndi zikalata za msonkho, ndipo nthawi zambiri amalipira patapita masabata. Mlimi wamng'ono amakhala ndi madengu awiri lero, mawa alibe, ndipo amafuna ndalama yake pompopompo chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu. Mbiri ya ndalama ya dzikolo, yomwe idatha mphamvu mpaka kusiyidwa mu 2009, kenaka n'kubwera ina ya ZiG mu April 2024, idaphunzitsa anthu kusakhulupirira malonjezo a mawa.

Zikatero wopindula amakhala wamalonda wapakati yemwe ali ndi galimoto ndi firiji. Zimatheka ndithu kuti masamba olimidwa ku Mhondoro apite kaye kumsika wa Mbare Musika ku Harare, kenaka n'kubwerera pamsewu womwewo kudzalowa m'khitchini ya hotela ya ku Selous, mtengo utakwera kawiri kapena katatu. Palinso nkhani ya ukhondo. Chiponde chopangidwa ndi mtedza wosauma bwino chimatha kukhala ndi poizoni wa chuku, ndipo nyama yoperekedwa kwa alendo iyenera kuphedwera pamalo ovomerezeka. Tawuni ya Chegutu siingaiwale mliri wa kolera wa mu 2008, choncho palibe hotela yomwe ingaseweretse mbiri yake pogula chakudya chokaikitsa.

Mavutowa ali ndi njira zake. Alimi akalowa m'magulu kapena m'makopaletivi amatha kusonkhanitsa katundu wokwanira, kulembetsa gulu lawo ndi kukhala ndi akaunti imodzi. Makina ang'onoang'ono opunthira ndi kukonolera mawere amachotsa mchenga ndipo amapeputsa ntchito ya amayi. Zoumitsira masamba zoyendera dzuwa zimapanga mfutso waukhondo womwe ungagulitsidwe chaka chonse. Hotela nayo ili ndi mbali yake: kuuziratu alimi zomwe idzafune nyengo isanayambe, kulipira msanga, ndi kusintha zakudya motsata nyengo kuti mlendo wa mu January adye bowa ndi nkhwani wamuwisi, wa mu April adye nzama ndi maungu, ndipo wa mu September adye mfutso wotendera. Mlendonso ali ndi mphamvu kuposa momwe amaganizira. Akafunsa woperekera zakudya komwe ufa wa mawere wachokera, ndipo mawa wina n'kufunsanso chimodzimodzi, funsolo limakafika kwa wogula katundu.

Pafunikanso kusamala kuti chikhalidwe chisasanduke chidole. Gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi mwambo wake ndi eni dambwe omwe ayenera kufunsidwa asanaitanidwe kukasangalatsa alendo pachakudya chamadzulo. Momwemonso luso lophika lili ndi eni ake. Amayi achikulire a m'makomboni ndi m'midzi ndiwo akudziwa kuchuluka kwa chidulo chomwe therere limafuna, ndipo akaphunzitsa ophika a m'mahotela ayenera kulipidwa monga aphunzitsi.

Phunziro kwa Malawi ndi maiko oyandikana nawo

Zomwe zikuchitika pamsewu wa Selous, Chegutu ndi Kadoma zikukhudzanso maiko omwe matchona adachokera. Mu 2017 bungwe la UNESCO lidaika nsima ya ku Malawi pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Dziko la Malawi lilinso ndi malo ogona alendo omwe ali pakati pa minda, monga Kumbali Country Lodge pafupi ndi Lilongwe ndi Huntingdon House pa esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo, yomwe idayamba mu 1923. Mpunga wa kilombero wa ku Karonga, chambo cha ku Mangochi, kondowole wa ku Nkhata Bay ndi mapira a m'chigwa cha Shire ndi zakudya zomwe mlendo sangazipeze kwawo. Mafunso omwe ali ku Kadoma ndi omwewonso ali kumeneko: adalima ndani, adagula ndani, ndipo mlimi adalandira zingati.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene wagona ku Selous Loweruka amakhala atabwerera ku Harare Lamulungu madzulo, ndipo nthumwi za msonkhano wa ku Kadoma zimabalalika pakatha masiku atatu. Otsala ndi mlimi wa ku Sanyati yemwe akuganiza ngati chaka chino abzalenso mapira, ndi mtsikana wa ku Rimuka yemwe agogo ake ankaphikira azungu ku Gatooma koma iye akudikirabe chitupa kuti akafunsire ntchito kukhitchini ya hotela. Nsima ya mawere yafika kale pathebulo la olemera, koma awiriwa akuyembekezabe gawo lawo.